Mwana wa a Malasha

Pamene Tayi ankatuluka m'holo ya chionetsero, maminibasi anali ataweruka kalekale. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a kubanki, poti tayi sankaivula ngakhale Loweruka. Bambo a mtsikana amene ankafuna kumukwatira anati amuperekeze pagalimoto, koma iye anakana mwaulemu. Sankafuna kuti apongoziwo aone kumene amagona.

Anadzera njira yachidule, yotsata njanji yakale imene sitima inasiya kudutsamo iye akali mwana. Miyala inkalira pansi pa nsapato zake, koma maganizo ake anali atatsalira m'holo muja.

Chionetserocho chinali cha zithunzi zakale za njanji yomweyo: masiteshoni a malata, injini zofuka utsi, mabwana a zipewa zoyera. Apongozi aja ankayenda naye khoma ndi khoma, mpaka anaima pa chithunzi china. Panali munthu wopanda malaya, wopanda nsapato, fosholo m'manja, thupi lonse lili bii ndi malasha, akuseka mano onse pamtunda.

"Taonani mphunoyi," anatero apongoziwo akuseka. "Ngati yanu ndithu! Si mbale wanu ameneyu?"

"Ayi bambo, sindikumudziwa," Tayi anayankha msangamsanga. "Bambo anga ankagwira mu ofesi."

Chonsecho anali bambo ake omubala. Omwewo amene ankamudikira kunyumba usiku umenewo, maso atafa, chifuwa chikulira ngati wenzulo chifukwa cha fumbi la zaka zonse zija.

Atadutsa siteshoni yakugwa, imene mitengo inamera m'mawindo, anaona kuwala patsogolo pake, pa mlatho. Nyali yofiira. Inkapita uku, n'kubwerera uku... uku, n'kubwerera uku.

Anaima. Kubwerera kunali kutali. Anapitirira.

Anali mkulu wina wamtali, wovala jekete la mabatani achitsulo, ataima pakati penipeni pa njanji.

"Sitima yachedwa lero," anatero mkuluyo osamuyang'ana.

"Kuno sikudutsa sitima, bambo."

"Yachedwa basi. Tiyeni ndikuolotseni, matabwa ena anaola."

Mkuluyo anatsogola, akukoka mwendo wamanzere. Tayi anatsatira. Pansi pawo mtsinje unkasokosa mumdima. Gu, gu, gu... nsapato za Tayi pa matabwa. Anatchera khutu. Za mnzakeyo sizinkamveka.

Kunazizira.

Pakati pa mlatho mkuluyo anatembenuka, nakweza nyali mpaka kumaso kwa Tayi. Nyaliyo sinkatentha.

"Ndiwe mwana wa a Malasha iwe."

Limenelo linali dzina la bambo ake la kuntchito. Panali patapita zaka osalimva pakamwa pa munthu.

"Ati sukuwadziwa?" anafunsa mkuluyo.

Tayi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ife timawadziwa," anatero mkuluyo motsitsa mawu, ngati wodandaula. "Tonse kuno timawadziwa."

Tonse? Kuno kuti?

Njanji inanjenjemera. Mlatho wonse unanjenjemera. Kenako kumbuyo kwake, pafupi, pafupi zedi... Pyoooo!

Tayi anagwa chafufumimba, nakumbatira thabwa, maso atatsinzina. Mphepo yotentha inamudutsa pamsana. Anadikira kupondedwa...

Zii.

Anadzutsa mutu. Sitima panalibe. Nyali panalibe. Munthu panalibe! Fungo la utsi wa malasha lokha.

Anadzambatuka n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, osacheukanso, mpaka anakagwera pachitseko cha kwawo.

Bambo ake anali maso, atakhala pa mpando wawo wa pafupi ndi khomo, bulangete m'mapewa.

"Wafika, mwanawe? Nanga bwanji ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu?"

Tayi anafotokoza mwachibwibwi za nyali yofiira, za mabatani, za kulira kwa sitima. Mawu a mkulu uja okha ndi amene anawameza.

Bambowo anafunsa, "Amakoka mwendo wamanzere?"

"Eya, bambo."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ameneyo ndi Wanyali, mnzanga wa pamtima. Tinamuika iwe usanabadwe. Usiku wina madzi anakokolola njanji kutsidya, iye n'kuthamangira pa mlatho kuti atiimitse. Sitima inaima, anthu onse tinapulumuka, koma inaima itamuponda. Ndinamutola ndine, ndi manja angawa."

Anatambasula manjawo, akufufuza mumdima mpaka anapeza dzanja la mwana wawo.

"Sanali munthu wolankhulalankhula ameneuja. Ngati wakutsegulira pakamwa, ndiye kuti chilipo. Wakuuza chiyani, mwananga?"

Tayi anagwada pasimenti pozizirapo, nabisa nkhope yake m'manja mwa bambo akewo.