Chikhatho cha pa Zenera

Kaludzu kanalowa m'nyumba ya Mayi Esinala Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika masana kanali katamwa kale ndowa ziwiri za madzi osaoneka. Kanali kamakina kotalika ngati mtondo, koyenda pa timatayala, kokhala ndi mphuno zinayi zonunkhizira mpweya. Kakapeza chinyezi kankachikoka n'kuchisandutsa madzi, madziwo n'kutsika pa kapaipi kupita kudimba. Dzina lake la m'mabuku linali lalitali, koma anthu a ku Thyolo alibe nthawi yodziluma lilime.

Zaka zimenezo chiperoni chinali chitaiwala njira yobwerera kwawo. Chinkagwa miyezi isanu ndi inayi. Mchere unkasungunuka m'botolo, machesi ankangonyenyeka mitu, chitseko chinatupa moti ankachita kuchigunda ndi phewa. Zitenje za m'sutikesi zinachita chuku. Mayi Esinala nawo ankatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo kandulo ankachita kuizimitsa ndi zala chifukwa mpweya wouzira analibe.

Mwana wawo Mwandida, namwino wa ku Blantyre, ndiye anabweretsa makinawo. Kaludzu kanaumitsa pabalaza ndi kukhitchini, koma katafika pakhomo la kuchipinda kanapeza mpando utapingasa.

"Amayi, chuku chonse chikuchokera muno," kanatero Kaludzu ndi mawu aulemu. "Ndiloleni ndilowe."

"Ukamwe kwina," anayankha Mayi Esinala. "Muno mulibe chako."

Makani amenewa anali ndi mwini wake. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, amuna awo a Makwinja, makaniko wa makina othyola tiyi, analembedwa ntchito ku migodi ya kumwezi, monga momwe makolo ankapitira ku Joni. Mayi Esinala anakana, analira, kenako anangosiya kulankhula. Tsiku la ulendo, m'malo mowanyamulira chikwama mpaka kumsewu monga amachitira aliyense poperekeza wapaulendo, anatenga khasu n'kupita kudimba. Pobwerako anapeza m'nyumba muli zii.

M'mawa mwake zenera la kuchipinda litachita thukuta, pagalasi panaoneka chikhatho. Chinali cha mafuta a makina, chala chimodzi chachifupi, chija cha a Makwinja chimene chinadulidwa ndi lamba wa injini. Zenera limenelo limayang'ana kudimba. Bamboyo anaima pamenepo, atatsamira galasi, kudikira kuti mwina mkazi wawo atembenuka.

Chaka chachitatu mgodi unagumuka. Maliro a kumwezi sabwera kumudzi. Panalibe manda oti akasesepo, panalibe dothi loti aponye. Chinatsala ndi chikhatho chija, chimene chinkatuluka m'mawa uliwonse galasi likanyowa, ndipo Mayi Esinala ankachipatsa moni asanasukusule.

"Galasi likauma ndiwaona kuti bambo ako?" Mayi Esinala anafunsa Mwandida atabwera kudzawanyengerera.

Mwandida anagwada pafupi ndi mayi ake. "Amayi, mapapo anu ndinawaona ndi maso anga pa makina a kuchipatala. Chiperoni china simuchimaliza. Bambo anapita osawaika m'manda. Inu ndiye mukufuna ndikuikeni chaka chino?"

Mayi Esinala anadzuka, nakoka mpando uja.

Kaludzu kanagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo kukhulupirika kumeneko n'kumene kunawawa. Khoma linauma, fungo la chuku linatha, chitseko chinayamba kutseguka ndi chala chimodzi. Zenera nalo linangoti mbee. M'mawa uliwonse Mayi Esinala ankaimapo, n'kumangoona mpiru ndi nthochi za kudimba. Anawasowa amuna awo kuposa tsiku limene uthenga wa mgodi unafika. Kamakinako ankakadutsa osakayankha moni.

Patapita miyezi iwiri chifuwa chinaleka. Iwo sanasangalale nazo n'komwe. Tsiku lina kukuzizira, atatopa ndi kuyang'ana galasi lopanda kanthu, anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza, nausa moyo kuchokera pansi pa mtima.

"Bambo a Mwandida, ndikanakuperekezani."

Mpweya wawo unagwira galasi. Mu nthunziyo munatuluka zala zitatu, kenako chachifupi chija. Anakoka mpweya wina, wambiri, umene miyezi iwiri yapitayo sakanaupeza, nauzira mpaka chikhatho chonse chinaonekera. Anaika chawo pafupi nacho, osachikhudza, misozi ili chuchuchu.

Kumbuyo kwawo timatayala tinalira.

"Amayi, ndamva chinyezi pazenera," kanatero Kaludzu.

"Chimenechi usamwe, mwanawe. N'changa."

Kamakinako kanabwerera. Chikhatho chinazilala pang'onopang'ono, Mayi Esinala nakokanso mpweya. Zaka zonsezi ankayesa kuti amuna awo akuwasunga ndi chiperoni, osadziwa kuti a Makwinja adzakhalabe pazenerapo malinga ngati mkazi wawo akupuma.