Chithunzi cha ku Trastevere

"Mu Leicester muno mulibe Mmalawi wodziwa Italy kuposa ine," Sosten anauza Christabel tsiku lomwe anakumana pa siteji ya basi ku Evington, atamufunditsa ambulera yake. "Ndinafika kuno ndi chikwama chimodzi, lero ndili ndi mavani atatu. Ku Rome, ophika amandiitana ndi dzina."

Christabel, nesi wongoweruka kumene, anaseka. Koma nambala anapereka.

Mameseji anayamba kugwa ngati matalala. "Uchi wanga, wadya?" Mawa lake: "Duwa langa, mphete ndikakuvekera ku Rome. Kupatula iwe, maso angawa saona wina."

Mtsikana wake uti akanalimba mtima?

Mu Meyi ananyamukadi. Ku Trastevere, dera la mu Rome la tinjira tamiyala, zinaoneka kuti Sosten sanali kunama. Operekera zakudya ankamukumbatira. Sosten anamudyetsa Christabel pasita wa tchizi ndi tsabola, anamumwetsa khofi wowawa wa m'tikapu ting'onoting'ono ataimirira ngati eni mudzi, kenako ayisikirimu wonunkhira mandimu.

"Ukuona, mtima wanga? Uli ndi mwamuna woyenda."

"Ndavomera, bwana wa mavani," anatero Christabel, akusuzumira thumba la jekete ya Sosten lomwe linatupa ndi kabokosi.

Atafika pa kasitolo kogulitsa zojambula pamanja, Sosten anamukoka dzanja. "Umo n'zodula zopanda pake. Tiye tikaone mtsinje."

Koma Christabel anali atalowa kale.

Mkulu wojambula atangoona Sosten pakhomo, anatambasula manja. "Sosten! Munati mubwera mawa kudzamaliza kulipira, ndiye mawa lake ndi lino? Chithunzi chanu ndasunga, icho."

Pakhoma panali Sosten akumwetulira mano onse, tsaya litagundana ndi la Sheila, mnzake wa Christabel wa mu wodi imodzi. Pakona wojambula anali atalembapo mwezi: Febuluwale.

Febuluwale uja? Uja Sosten analira pa foni kuti malume ake amwalira ku Mzuzu? Uja Christabel anayenda khomo ndi khomo ku Wigston m'chisanu, kusonkhetsa chipepeso kwa amayi a kutchalitchi kuti wokondedwa wake akaike maliro?

"Uchi wanga, ndikhoza kufotokoza."

"A Sosten," anatero Christabel, misozi ikulengeza, "malume anu anaikidwa bwino?"

Sosten anagwada pomwepo n'kutulutsa kabokosi kaja. Mphete inanyezimira. Christabel sanaiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa wojambula.

"Bambo, anasiya ngongole yochuluka bwanji?"

"Mayuro makumi anayi, mayi."

"Mundikulungire bwino, chisasweke m'ndege. Amayi a kutchalitchi anasonkha chipepeso, Lamulungu akaone mmene maliro anayendera."

Anatsegula kachikwama kake n'kuika patebulo mayuro makumi anayi.