Matayala Ofewa a Mathamanga

Tsabola ankagulitsa matayala pashopu ya amalume ake. Dzinali anam'patsa ndi madalaivala chifukwa pakamwa pake panalibe chotsekera. Ukabwera ndi matama, unkabwerera utapola.

Tsiku lina kunaima galimoto yofiira mwaliwiro, fumbi koboo mpaka pa kauntala. Munatuluka mwamuna wa shati yosita bwino, kafungo ka perefyumu kali patsogolo.

"Asisi, ndikufuna matayala ofewa, ogwira msewu. Ine pakona sindichepetsa."

"Ofewawo amagwiradi, koma miyezi ingapo mano atha. Olimbawa amakhala zaka, kungoti pamvula amafuna ulemu. Mutenge olimba."

"Ndakufunsani nzeru?"

"Ayi, koma zikuoneka kuti mukuzisowa. Mwatithira fumbi ngati muli panjira ya kumunda kwanu, a Mathamanga inu!"

Mwamuna uja anaseka mpaka kugwira kauntala. Anagula ofewa omwewo mwa makani, nkupempha nambala ya foni, ati mwina tayala lingavute. Bodza lake linali losaphika nkomwe, koma Tsabola anapereka. Mtima ndi chitsiru, abale!

Mauthenga anayamba madzulo omwewo.

"Tsabola wanga, wandiwawa m'maso, koma ndikufuna wowonjezera."

"Mukagone, achimwene. Ndilibe nthawi ya anthu othamanga."

"Kwa iwe ndaima, mami. Ndazimitsa ndi injini yomwe."

Anakana sabata zitatu, ya chinayi anagwa. Mathamanga ankabwera Loweruka lililonse, kukhala pa tayala lakale, kumamuitana "duwa langa" pamaso pa amakaniko. Ankakangana pa chilichonse, koma akachoka Tsabola ankangoyang'ana kumsewu.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, matayala aja anali atatsala pang'ono kusalala.

"Unanena zoona, wokondedwa," anatero Mathamanga. "Ndiikire olimba aja. Ndakhazikika tsopano. Mvula ikangotha ndidzaonekera kwa amalume, ndikulonjeza."

Tsabola anamanga yekha mabawuti tsiku limenelo mwachimwemwe. Akale aja Mathamanga anawaponya kubuti.

"Amenewo ndi otaya," Tsabola anamuchenjeza. "Musapatse munthu."

"Ndikadzalamo maluwa, duwa langa."

Amalume anauzidwa. Mayi ake anauzidwa. Ngakhale telala anauzidwa kuti akhale tcheru!

Mvula ili pakati, m'mawa wina kunalowa galimoto yaing'ono, yophwanyika nyali imodzi, matope mpaka m'magalasi. Munatuluka mayi atakwiya zoopsa. Kumpando wakumbuyo kunali ana awiri a yunifolomu, wina ali ndi chotupa pachipumi.

"Mwini wake pano ndani? Akuba inu! Mumagulitsa matayala akutha nkumati atsopano?"

"Amayi, tsitsani mawu. Pano sitigulitsa akale."

"Nditsitse mawu? Ndaponda buleki galimoto osaima, mpaka m'ngalande! Ana anga akanafa lero! Amuna anga agula pompano mwezi wathawu, anandiuza okha!"

"Ndiye amuna anuwo akunamizani."

"Iwe, usatukwane banja langa! Ndiwe ndani?"

Tsabola analusa. Anakoka jeki, nakweza galimoto, nachotsa tayala lakutsogolo kuti amuonetse mayiyo manyazi ake. Pashopupo panali lamulo la amalume: tayala lililonse likamamangidwa, amalemba mkati mwake ndi utoto woyera tsiku ndi dzina la wogula, kuti pasadzakhale mkangano.

Analitembenuza. Zolembazo zinali za dzanja lake lomwe. Tsiku lija la fumbi, ndipo pambali pake, "Mathamanga".

Maluwa aja ndi amenewa? Munthu woti anamuuza maso ndi maso kuti ndi otaya, nkukawamanga pa galimoto yonyamula ana ake?

"Amuna anu amayendetsa galimoto yofiira?" anafunsa Tsabola.

"Eya. Ndiye ukuwadziwa! Bwanji umakana?"

Foni inalira m'thumba la ovololo. Tsabola anaitulutsa ndi manja akuda, nawerenga: "Duwa langa, mvula imeneyi ikundikumbutsa iwe. Watsala pang'ono kukhala mayi wa kunyumba."

Anangoipereka kwa mayi uja.

"Werengani, amayi. Nambalayo mukuidziwa. Ine sindinkadziwa kuti muliko, Mulungu ndi mboni."

Mayiyo anawerenga, nabwerera m'mbuyo kuwerenga mauthenga ena akale. Tsabola anadikira pama. Akanalilandira ndithu. Koma mayi uja anangokhala pansi pa simenti yonyowa, nayang'ana tayala losalala lija nthawi yaitali.

"Atsopano anaika kwake," anatero motsitsa. "Ife anatipatsa awa."

Mwana wa chotupa uja anatsegula windo. "Amama, tichedwa kusukulu."

Mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, naimirira.

"Ndiuze zoona, mtsikana iwe, poti wina aliyense wandinamiza. Ndiike ati?"

"Ogwira msewu, amayi. Adzatha msanga, koma mukaponda buleki adzaima. Muli ndi ana."

Tsabola analowa m'chipinda chosungira katundu kukatenga anayi. Anatseka chitseko, nakhala pakati pa milu ya matayala, nalira atadziluma mkono kuti ana aja asamve.