Zunilda Anyamula Dalitso Pakhosi

Zunilda wa m'tauni ya Itá ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumvanso mawu a amayi ake.

Amayi ankagulitsa chipa, timikate ta chinangwa. "Chipaaa! Chipa chamoto!" Mawu awo ankamveka msewu wonse.

Koma tsopano mawu anatha. Pakhosi pa amayi panatupa. Amayi anamwa mankhwala a kuchipatala. Mawu osabwera. M'nyumba munali zii. Zunilda zinkamuwawa kwambiri.

Tsiku la San Blas linafika. San Blas anali bishopu wakalekale. Anapulumutsa mwana amene munga wa nsomba unamuima pakhosi. Kenako bishopuyo anaphedwa chifukwa chokana kusiya Yesu. Pa tsiku lake, ansembe amadalitsa anthu pakhosi.

Amayi analibe mphamvu zopita kutchalitchi.

"Ndikakutengerani dalitso," anatero Zunilda.

Achimwene ake, a Derlis, anaseka. "Iwe Zuni! Ukalitengera m'chiyani? M'dengu la chipa?"

"Muona," anatero Zunilda.

Awiriwo anapita kutchalitchi. Wansembe anatenga makandulo awiri osayatsa. Anawapingasa. Anawaika pakhosi pa Zunilda. Anapemphera.

Zunilda anagwira pakhosi ndi manja onse awiri. Anatseka pakamwa. Ankaopa kuti akayankhula, dalitso litayika. Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba.

"Zuni, taona anthu ovina!" anatero Derlis.

Zunilda sanacheuke.

"Zuni, ndikugulire switi?"

Zunilda anapukusa mutu.

"Tayankhula, iwe!"

Zunilda anangoti duu.

Dzuwa linali kuswa mtengo. Thukuta linali kamukamu. Manja anatopa. Koma mwana ameneyu, kuuma mutu kwake! Sanachotse manja.

Derlis anamuyang'ana. Anaona manja aja ali pakhosi. Sanasekenso.

"Yenda bwino, mlongo wanga," anatero. "Tatsala pang'ono."

Derlis anathamangitsa galu panjira. Atafika kunyumba, Derlis anatsegula chitseko.

Zunilda anakwera pabedi pa amayi. Anachotsa manja. Anagunditsa khosi lake pa khosi la amayi. Anawakumbatira zolimba.

"Landirani, amayi," anatero. "Silinatayike ndi pang'ono pomwe."

Misozi inalengeza m'maso mwa amayi. Anamwetulira. Kenako kamawu kakang'ono kanatuluka.

"Zikomo, Zuni wanga."

"Ayankhula!" anakuwa Derlis. "Amayi ayankhula!"

Patapita masiku atatu, amayi anasenza dengu lawo. Anamugwira Zunilda dzanja. Anaima pamsewu. Onse awiri anakuwa pamodzi:

"Chipaaa! Chipa chamoto!"