Maola Asanu ndi Atatu a Swaleh

Lachisanu, 6 koloko m'mawa, Swaleh anatenga kiyi pa msomali wa kukhitchini n'kulowa m'chipinda cha Madam. Anazula nthambo ya kamera imene Madam ankaonera chipindacho pafoni. Anatsegula kabati, natenga mkanda wagolide, nauponya m'thumba.

Mumtima ankati sakuba ayi, akungobwereka. Anali dalaivala wa panyumbapo ku Al Hilal, dera lina la mumzinda wa kutsidya kwa nyanja, zaka zinayi osasowetsa ngakhale supuni. Koma mayi ake a Raihana, chibwenzi chake, ankalengeza ku Mangochi kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi wotsuka galimoto za eni. Chithunzi chimodzi chikanawatseka pakamwa.

Masamu anali atapanga kale. Nthawi imeneyo Madam anali atangonyamuka ku New York kupita ku London. Ulendo wopita anauona pa tikiti: London mpaka New York, makilomita oposa 5,500, maola asanu ndi atatu. M'ndege Madam amagona, foni atazimitsa. Ndiye kuti mpaka 2 koloko masana palibe amene akanadziwa kuti kamera yafa.

Pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, Raihana, yemwe nayenso ankakhala mumzindamo, anaugwira mkandawo.

"Swaleh, wautenga kuti?"

"Ndagula. Ndakhala ndikuseva. Yalla, tiye, mwetulira."

Anamujambula, chithunzi n'kupita kumudzi. Kenako anamunamiza kuti loko wa mkandawo akufunika kukonza, naubweza m'thumba. Poona kuti nthawi ikadalipo, analowa nawo mumzikiti, potuluka n'kukhala pansi kudya biriyani. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Pageti anafika 2 koloko itatsala pang'ono. Galimoto ya polisi inali itaima kale. Apolisi awiri ankatulutsa mayi Fauziya, wantchito wa m'nyumba, amene anamupezera Swaleh ntchito.

"Wallahi, sindinatenge kanthu ine!" ankalira mayiwo.

"Kwagwanji?" anafunsa Swaleh.

"Madam atera ku London 1 koloko isanakwane," anatero wamkulu wa apolisiwo, Kaputeni Jassim. "Apeza kamera yakufa. Atuma mchimwene wawo, mkanda palibe. Kiyi amasunga ndi mayiwa."

"Isanakwane? Si maola eyiti?"

Kaputeni anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Popita, inde. Pobwera mphepo imakankha ndege kumbuyo, sakwana seveni. Nanga iwe maola a Madam ukuwerengeranji?"

Swaleh akanatha kuseka n'kuizemba nkhaniyo. Koma anaona mpango wa mayi Fauziya utagwa pansi, imvi zili pamtunda pamaso pa amuna achilendo. Manyazi anamugwira kuposa mantha. Anapisa m'thumba.

"Asiyeni mayiwa. Ndine."

Mayi Fauziya sanakuwe. Anatola mpango wawo, nafunda bwinobwino.

"Mwanawe, ine ndinakulumbirira kwa anthuwa kuti ndiwe wa kwathu," anatero. "Ukanandifunsa, ndikanakubwereka ndolo zanga."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa unyolo umene anamumanga nawo. Patapita milungu itatu khoti linamupatsa chaka chimodzi, pambuyo pake abwezedwe kwawo. Raihana sanabwere kudzamvera mlanduwo.

Koma chimene Swaleh sachiiwala n'cha m'galimoto ya polisi tsiku lija. Foni yake inalira m'manja mwa Kaputeni, ndipo Kaputeni anamutembenuzira kuti awerenge yekha. Unali uthenga wochokera ku Mangochi.

"Chithunzi tachiona, bambo. Tinakulakwirani. Tumizani amalume anu tidzakambirane za ukwati."