Dzina Limene Ndinalidumpha

"Kodi wavomerayo ndi ndani?"

Anafunsa ndi a Levi, ali chiimire pakhonde, chala chili pamwamba pa batani la kawailesi. Ine ndinali pamphasa. Amayi awo, aNambewe, anali pambali panga. Mpaka lero funsolo lili pomwe analisiya.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika Lachitatu la sabata yatha, kwa Mavwere, dzuwa lili paliwombo. Nthawiyo ndikuitchula dala, chifukwa anthu akamva nkhani zotere amathamangira kunena kuti munali ndi tulo. Kunali kowala moti ukanatola singano pabwalo. Tinalipo atatu, ndipo tonse tili moyo. A Levi amayendetsa thiraki pamsewu wa ku Chipata, mukawapeza pa boda akuuzani okha. Palinso a Timoteyo, amene amalowetsa nyimbo m'mamemori kadi pa Kamwendo. Iwo pakhondepo panalibe, koma umboni wawo ndi umene umanditseka pakamwa. Ine ndine Maggie. Ndinaphunzira zaulimi zaka zinayi ku koleji, kumene anatiuza kuti chinthu usachikhulupirire usanachiyeze kawiri. Ichi ndinachiyeza kanayi.

Tili Fomu 3 tinali atsikana anayi osasiyana: ine, Molly, Esitele ndi Ivy, mlongo wawo wa a Levi. Kwathu mwezi wa Okutobala mtedza wa mbewu timaswa pamanja, poopa kuti makina angauphwanye, ndipo ntchitoyo imagwera atsikana. Tinkasinthana makomo, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, mpaka zala zinkachita matuza. Nyimbo zinalipo zambiri masiku amenewo, makamaka za ku Zambia zobwera ndi mathiraki, moti mpaka pano ndikamva ina mwa izo m'minibasi ndimamva fungo la choko ndi sopo wa yunifolomu. Koma poswa mtedza tinali ndi nyimbo yathuyathu, yopeka tokha.

Inali yoitanizana. Ine ndinkatsogolera, kuitana aliyense ndi dzina lake kuti, mtedza wako uli kuti? Ndiye aliyense anali ndi kavomeredwe kake. Molly ankati, ndadya kale, agogo asamve. Esitele ankati, ndabisa m'thumba la yunifolomu. Ivy ankabwera pomaliza, ndi mawu ake okwera aja, kuti, ndakusungira iwe. Kenaka tonse tinkalowa pamodzi kuti, iswa, iswa, mvula ili pafupi. Nyimbo yopanda nzeru, koma tinkaiimba maola atatu osatopa.

Chaka chomwecho aphunzitsi a kwaya anasankha Ivy kuti atsogolere nyimbo pa tsiku lotsekera sukulu, malo amene anali anga kuyambira Fomu 1. Mawu ake anali okoma kuposa anga. Izi ndikuvomera tsopano, pamene kuvomerako sikuthandizanso munthu. Nthawi imeneyo sindinavomere. Mlongo wake wa Molly atalola kutibwereka foni kwa tsiku limodzi kuti tijambule nyimbo yathu, tsiku ndinasankha ndine, ndipo ndinasankha limene Ivy anaperekeza amayi ake kumsika kwa Kamwendo. Molly anati tidikire, ine ndinati batire litha. Tinaimba atatu. Esitele atavomera, sindinasiye ngakhale mpata wopumira, ndinalumphira pa iswa, iswa, ngati kuti dzina lachinayi silinakhalepo chiyambire.

M'mawa mwake Ivy anamvetsera kusukulu mpaka kumapeto, nabweza foni, nanena kuti yatuluka bwino. Sanaitchulenso. Tinapitiriza kuyendera limodzi, koma nyimboyo sitinaiimbenso.

Ivy anamwalira ine ndili chaka chachitatu ku koleji, atadwala masiku ochepa. Kumaliro sindinapite chifukwa ndinali pa mayeso. Mayeso atatha sindinapite kukapepesa chifukwa mvula inawononga msewu. Msewu utauma ndinali nditachedwa kale, ndipo kuchedwako kunasanduka chifukwa chachitatu. Zaka zinayi zinatha choncho. Ndikabwera kwathu ndinkazungulira njira ya kudimba kuti ndisadutse pakhomo pa aNambewe.

Mwezi uno amayi anga anandiimbira foni. Anati aNambewe akumanga chiliza cha Ivy, ndipo apempha chinthu chimodzi: ndiwabweretsere nyimbo imene tinajambula ija. Zithunzi ali nazo ziwiri, koma mawu a mwana wawo alibe pena paliponse. Ndinati chabwino. Mayi wofedwa ankayembekeza kumva mwana wake m'nyimbo imene ine ndinamuchotsamo ndi manja anga.

Memori kadi imene munali nyimboyo ndinali nayo, m'kabokosi kanga kakale ka zida za masamu. Lachitatu m'mawa ndinatsika pa Kamwendo n'kupita kwa a Timoteyo kuti aone ngati ikugwirabe. Anaipukuta pamalaya, naiika m'kompyuta yawo, nandifunsa kuti nyimbo za makedzanazi ndikufuna kukopera nazo ndani. Tinamvetsera kawiri. Iwo anaseka kwambiri pa za agogo asamve, nati atsikana atatuwa akanapitiriza bwenzi pano akudya za magitala. Atatu. Anawerenga okha, ine osawauza. Pakompyuta panalembedwa mphindi imodzi ndi masekondi 52. Ndinawafunsa, ndipo manyazi ake ndikadali nawo, ngati n'zotheka kuwonjezamo mawu a munthu wina.

"N'zotheka, achemwali. Bweretsani munthuyo adzaimbe."

Ndinakwera kabaza. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene wailesi isanalire.

ANambewe ndinawapeza pakhonde, pamphasa, akuswa mtedza. Pakona panali matumba a simenti a chiliza. Ndinagwada n'kupepesa maliro a zaka zinayi zapitazo, mawu akutuluka mokhotakhota. Iwo anangoti, "Wafika," n'kundikankhira lichero. Ndinaona kuti mtedzawo anauwaza madzi kuti makoko afewe, ndipo digiri yanga inafuna kuyankhulapo za chuku, koma ndinaikhazika pansi. Tinaswa. Zala zanga zinali zitaiwala, zawo ayi.

A Levi anatuluka m'nyumba ndi kawailesi kawo ka m'thiraki. Moni anandipatsa wouma, woyang'ana kumbali. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo kadi. Apa ndi pamene ndinayenera kuyankhula. Ndinatsegula pakamwa, koma a Levi anali atadina kale.

Kunamveka kaye phokoso la foni yakale, ngati mvula yakutali. Kenaka ine, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wodzimva, ndikuitana Molly. Molly anavomera. Kuseri kwa mawu athu makoko ankalira, thwa, thwa, ndipo tambala wa kwa Molly amene anadyedwa kalekale analira kamodzi. Ndinangozindikira kuti ndikumwetulira. Ndinaona khonde lija, miyendo yathu yotuwa, Esitele akubisadi mtedza m'thumba.

Ndinaitana Esitele. Esitele anavomera.

Ndinaweramitsa mutu, kudikira iswa, iswa.

Sinabwere.

M'wailesi munangoti zii. Phokoso la mvula lija linalipo, koma ife atatu tinali titatha. Makoko analeka kulira. Tsiku lojambula sindinasiye mpata. Ndikudziwa, chifukwa ndinachita dala.

Nyenje za mumtengo wa mango, zimene zinkaboola makutu chifikire changa, zinasiya zonse nthawi imodzi. Nkhuku imene inkatola makoko pafupi ndi mphasa inaima, phazi limodzi lili m'mwamba. Mphepo kunalibe. Kenaka fungo linafika: mtedza wokazinga, wothira mchere, wongophulidwa kumene. Ndinayang'ana kukhitchini. Chitseko chinali pululu, pamafuwa palibe moto, ngakhale utsi.

M'wailesi khoko limodzi linasweka. Thwa. Pafupi kwambiri.

Wina anakoka mpweya.

"Ndakusungira iwe."

Mawu okwera aja. Osasa pang'ono kumapeto, monga ankachitira akaimba nthawi yaitali. Palibe anamuitana. Anangovomera.

Iswa, iswa inalowa, ndipo tinali anayi. Mawu ake anali pamwamba pa athu, pamalo pake. Nyimbo inatha. Nyenje zinayambanso. Nkhuku inaponda pansi.

Pamenepo ndi pamene a Levi anafunsa funso lija.

ANambewe anali atagwira khoko la mtedza losweka theka, misozi ikutsika osaipukuta. Sankaoneka ngati munthu wamantha. Ine ndinali ndi mantha okwanira tonse atatu. Mawu amene ndinakonza pa kabaza anatuluka okha, osatsata ndondomeko: kuti Ivy kunalibe tsiku limenelo, kuti tsikulo ndinasankha ndine, kuti dzina lake ndinalidumpha chifukwa cha kwaya.

Anandisiya ndimalize. Kenaka aNambewe anati zonsezo ankazidziwa. Ivy anabwera kuchokera kusukulu tsiku lija n'kukalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo a Levi, amene anali mnyamata wamkulu kale, anafuna kubwera kwathu kudzanditukwana. Amene anawaletsa ndi Ivy yemweyo. A Levi, akuyang'anabe kawailesi, anati n'chifukwa chake iwo sanafune kuti ndiitanidwe, ndipo anadina msanga dala kuti ndimve ndekha manyazi a nyimbo imene munalibe mlongo wawo.

Ndinafunsa aNambewe kuti nanga anaitanitsiranji nyimbo imene ankadziwa kuti mulibe mwana wawo.

"Ndimafuna iwe. Ndikanangoti bwera, ukanazungulira kudimba."

Ndinaphimba nkhope ndi chitenje. Iwo anapitiriza motsitsa mawu, kuti tsiku lolira kuseri kwa nkhokwe lija Ivy anawauza kuti asandikalipire, nati: Maggie adzandiitana akadzakula.

A Levi anabwereza nyimboyo. Tinamvetsera osapuma. Molly, Esitele, kenaka iswa, iswa pompopompo, mopanda mpata, atsikana atatu. Pakagalasi ka wailesi panalembedwa mphindi imodzi ndi masekondi 52. Fungo linali litapita. Madzulo ake, pobwerera, ndinadzeranso kwa a Timoteyo osawauza kanthu. Anaiyesanso, nati kadi ili momwe inalili m'mawa, palibe chawonjezeka, palibe chachoka, ndipo ngati ndikufunadi wachinayi uja ndibwere naye.

Anzanga a ku koleji awiri amene ndawauza ali ndi mayankho. Wina akuti ndi kutentha kwa Okutobala. Wina akuti mtima wolakwa umadzipangira zomva. Mwina. Koma mtima wolakwa unali wanga ndekha, ndipo makutu anali asanu ndi limodzi. A Levi si munthu wondikonda kuti andinamizire umboni.

Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapita kwa Mavwere kukabera mayi wofedwa chiyembekezo chake chomaliza, ndipo iwo anamva mwana wawo. Kamodzi kokha, kwa kanthawi kochepa, koma anamumva. Ine ndinayenera kulandira chipongwe, ndinalandira zimene ndinkalandira zaka zonse zija pamapeto a nyimbo, osazimvetsa. Kwa amene anadzaza mpata umenewo, kaya ndi ndani, ndikuthokoza. Sindinazolowere kuthokoza chinthu chimene sindingachiyeze, koma ndikuphunzira.

Tsiku lija tinamaliza lichero lonse tisanadzuke. A Levi anandibweretsera madzi akumwa m'kapu, ndipo ndinadziwa kuti kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri. Ndikutsanzika, anafunsa amayi awo ngati abwereke sipika yaikulu ya kutchalitchi kuti nyimboyo idzamveke bwino pa chiliza Loweruka likudzali, popeza Molly ndi Esitele nawonso abwera. ANambewe anakutumula makoko pachitenje, nandipatsa kadi m'manja, nafumbatitsa zala zanga.

"Wailesi pasadzakhale. Udzaimba iwe, ndi pakamwa pako. Ukadzafika pa dzina lake, udzaliitane. Kenaka udzadikire."