Khoti Lopanda Apilo

Kalipentala wina anawina mlandu, inde, koma pepala silidyedwa. Khoti linagamula kuti mwini sukulu amulipire madesiki makumi anayi amene anamukhomera. Panatha zaka ziwiri. Akapita kukhoti, kalaliki ankati, "Anzanu achita apilo." Akabweranso, "Fayilo sikuoneka." Olanda katundu atapita, anapeza zonse, mpaka makatani, zili m'dzina la mkazi wa mwini sukulu. Mwini sukuluyo ankadutsa pashedi ya kalipentalayo ndi galimoto yatsopano, n'kumaimika dzanja. Kalipentala mtima unkamuwawa, macheka ake ali pa pinyolo.

Ndiye anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa msika. Sing'angayo anapinda chigamulocho kanayi n'kuchisokerera m'kachikopa.

"Khoti langa lilibe apilo," anatero. "Aliyense wotenga chako n'kunena kuti abweza, ali ndi masiku asanu ndi awiri. Akalephera, alipira ndi thupi."

"Nanga inu ndikupatseni zingati?"

"Ine ayi. Koma usadzakhululukire munthu ngongole. Ukadzatero, idzagwera iwe."

Kalipentala anaseka. "Ine anandikhululukirapo ndani?"

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi mwini sukulu anabwera miyendo itatupa, ndalama zili m'manja. Kalipentala anataya matabwa n'kuyamba katapila. Ena ankabweza, ena ankaikidwa m'manda, nyumba zawo n'kukhala zake. Anthu anasiya kumupatsa moni, iye analibe nazo ntchito.

Tsiku lina anapeza kakalata m'bokosi la ndalama: "Ababa, mwana wadwala, ndatengako ya kuchipatala. Ndibweza." Anali mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo.

Anathamangira kwa sing'anga. "Ndimupatse ndalama kuti andibwezere?"

"Ya m'thumba mwako siwerengedwa. Njira ukuidziwa. Ndi mawu amodzi okha."

Anaulula zonse kunyumba. Mwana wamkaziyo anayenda khomo ndi khomo, koma ndani akanabwereka mwana wa munthu amene anawalanda nyumba? Pa tsiku lachinayi miyendo inatupa. Mayi ake anagwada. "Bambo ake, ingonenani kuti mwamukhululukira."

Kalipentala ankatsegula pakamwa, n'kuyang'ana miyendo yake yomwe, n'kutsekanso. "Tidikire mawa, mwina wina amubwereka." Abale inu, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuopa kufera mwana wake! Anati mawa, mawa, mpaka anapeza atamufunditsa nsalu kumaso.

Lero amakhala pakhonde la khoti, wopanda nsapato, kachikopa kali m'khosi. Amagwira dzanja aliyense wodutsa. "Ndakukhululukira, mwanangu." Alonda amangomukankha.

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Dyera ndi lotero. Ukafuna chuma cha mankhwala, kuti aliyense akulipire mpaka kakobiri komaliza, wotsiriza kulipira amachokera m'nyumba mwako.